Kodi n'zoona kuti akazi amasamala chilengedwe kuposa amuna?

Nyenyezi
Moni nonse apagulu. Ndikufuna tithandizane nzeru. Ndakhala ndikuwerenga zimene akatswiri ofufuza za chikhalidwe cha anthu apeza pa mmene anthu amaonera chilengedwe, ndipo paliponse ndikukumana ndi mfundo imodzi: akuti akazi amada nkhawa ndi kuwonongeka kwa chilengedwe kuposa amuna. Mu 2000, Lynnette Zelezny ndi anzake awiri anaunika kafukufuku amene anachitika kuyambira 1988 mpaka 1998, n'kuwonjezapo wawo wa ophunzira a m'mayiko 14, ndipo anapeza zomwezi. Ndiye gwero lake n'chiyani? Timabadwa nazo kapena timachita kuphunzitsidwa? Komanso, nkhawa imene munthu wanena pakamwa imafika mpaka pa zochita?

Chiwombankhanga
Achemwali, ine kafukufuku wofunsa mafunso ndimamukayikira. Munthu wabwera ndi pepala, akukufunsa ngati umakonda chilengedwe. Ndani anganene kuti ayi? Akazi amangodziwa kuyankha bwino basi. Amuna sitikonda kunena zoti tikuda nkhawa, koma si ndiye kuti sitisamala.

MakeMapasa
Achimwene, mwati akazi timangodziwa kuyankha bwino? Ndiye amene amazimitsa magetsi m'zipinda ana akagona ndi ndani? Amene amadziwa kuti madzi atha msanga mwezi uno ndi ndani?

Chiwombankhanga
Amayi, musandimve molakwa. Ndikunena za mapepala a ofufuzawo, osati za inu.

Dontho
Nonse awiri mwagwira mbali ya nkhaniyi, ndipo ndikufuna ndiyambe ndi ya a Chiwombankhanga chifukwa ndi vuto limene ofufuza eniake amalidandaula. Mu 2014, Christine Kormos ndi Robert Gifford anasonkhanitsa kafukufuku yense amene anayerekeza zimene anthu amanena kuti amachita ndi zimene amachitadi: zimene munthu wanena za magetsi poyerekeza ndi zimene mita ikuonetsa, zimene wanena za zinyalala poyerekeza ndi zimene zapezeka mubini. Mgwirizano unalipo, koma wapakatikati chabe. Kusiyana kwakukulu kwa zochita za anthu sikunkaoneka m'mayankho awo. Choncho kukayika kwanu kuli ndi maziko.

Koma mfundo yoti kusiyana konseku kumangochokera pa kayankhidwe sikhala. Pali kafukufuku amene sanafunse munthu ngati amakonda chilengedwe, anangoyang'ana mmene ndalama zake zimayendera. Riitta Räty ndi Annika Carlsson-Kanyama mu 2010 anayerekeza amuna okhala okha ndi akazi okhala okha ku Germany, Norway, Greece ndi Sweden. Anasankha okhala okha dala, kuti pasakhale zoti wina wagulira mnzake. M'mayiko onse anayi amuna ndi amene ankagwiritsa ntchito mphamvu zambiri monga magetsi ndi mafuta, ndipo kusiyana kwakukulu kunali pa mayendedwe, makamaka galimoto ndi mafuta ake. Mu 2021 Carlsson-Kanyama ndi anzake anabwereza zoterezi ku Sweden n'kupeza kuti zimene amuna okhala okha amagula zimatulutsa mpweya wotenthetsa dziko wochuluka ndi 16 peresenti kuposa za akazi, pamene ndalama zimene magulu awiriwa amawononga sizisiyana kwenikweni.

Komano a Nyenyezi, dziwani kuti pa nkhani ya maganizo kusiyanaku n'kochepa. Kumabwerabwera m'kafukufuku wambiri, n'chifukwa chake ofufuza amakukhulupirira, koma si phompho. Mukatenga mwamuna mmodzi ndi mkazi mmodzi mwachisawawa, simungalosere bwinobwino kuti wodera nkhawa kwambiri ndi uti. Ku America, chipani chimene munthu amatsatira chimakuuzani zambiri pa maganizo ake okhudza kusintha kwa nyengo kuposa zoti ndi mwamuna kapena mkazi.

Nyenyezi
Zikomo asisi. Nanga pa gwero lake?

Dontho
Akatswiri ambiri a zachikhalidwe amaloza ku kaleredwe. Mwana wamkazi amaphunzitsidwa kuyambira ali wamng'ono kuganizira ena, kuona ngati wina wadwala, kusamala za mawa. Mwana wamwamuna amauzidwa kuti alimbe mtima, asamaope, apikisane. Zelezny anapeza kuti akazi ankaonetsa mtima woganizira ena komanso wodziona kuti ali ndi udindo pa anthu kuposa amuna, ndipo iye anagwirizanitsa zimenezi ndi maganizo awo pa chilengedwe.

Asanatero iye, mu 1996, Debra Davidson ndi William Freudenburg anaunika zifukwa zingapo zimene anthu ankapereka. Ena ankati akazi amaopa chifukwa sadziwa sayansi. Umboni wake unali wofooka. Chifukwa chimene chinaima bwino chinali chokhudza thanzi ndi chitetezo: kusiyana kumakula funso likakhudza chinthu chapafupi chimene chingadwalitse anthu, monga malo otayirako mankhwala oopsa kapena malo opangira magetsi a nyukiliya. Funso likakhala lapatali, la chilengedwe chonse, kusiyana kumachepa.

Mphunzitsi Wopuma
Ana anga, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Pa mfundo yoti akazi sadziwa sayansi ndikufuna ndiikepo mawu, chifukwa inkandipweteka ndili m'kalasi. Aaron McCright anaunika mayankho amene bungwe la Gallup linasonkhanitsa ku America kuyambira 2001 mpaka 2008. Anapeza kuti pa mafunso a kusintha kwa nyengo, akazi ankayankha mogwirizana ndi zimene asayansi amanena kuposa amuna pang'ono. Koma atafunsidwa kuti nkhaniyi amaimvetsa bwanji, akazi ankadzichepetsa, amuna n'kumanena kuti amaimvetsa bwino. Ndinaziona zimenezi zaka zanga zonse za uphunzitsi. Mtsikana walemba yankho lolondola m'kope, koma dzanja osakweza. Mnyamata sanalembe kanthu, dzanja lili m'mwamba kalekale. Ndiye ofufuza akafunsa kuti "mumadziwa zambiri bwanji", amakhala akuyeza kudzidalira, osati chidziwitso.

Chiwombankhanga
Bambo, zimenezo ndazimva. Komabe zikuoneka ngati amuna tonse taikidwa m'thumba limodzi.

Dontho
Achimwene, kafukufuku amene amandisangalatsa kwambiri ndi amene anang'amba thumba limenelo. Mu 1994, James Flynn, Paul Slovic ndi C. K. Mertz anafunsa anthu a ku America za zinthu zoopsa 25, kuyambira zinyalala za nyukiliya, mankhwala ophera tizilombo, mpaka kuipa kwa mpweya. Atagawa mayankho potengera mtundu wa anthu, anapeza chinthu chimene sankachiyembekezera. Akazi achizungu, akazi amitundu ina ndi amuna amitundu ina onse ankayankha mofanana ndithu. Amene anapatuka anali amuna achizungu okha, amene ankaona chilichonse ngati chosaopsa kwenikweni. Atafufuza mozama anaona kuti si onsenso: anali pafupifupi 30 peresenti ya amuna achizunguwo amene ankakokera gulu lonse pansi. Anthu ake anali ophunzira kwambiri, opeza bwino, ndiponso okhulupirira kwambiri akuluakulu a boma ndi a makampani.

Taganizirani tanthauzo lake. Zikanakhala zobadwa nazo, mwamuna wachikuda akanayankha ngati mwamuna wachizungu. Sanatero. Anayankha ngati akazi. Ndiye funso linatembenuka. M'malo mofunsa kuti n'chifukwa chiyani akazi amaopa kwambiri, ofufuza anayamba kufunsa kuti n'chifukwa chiyani kagulu kena ka amuna sikaopa. Yankho la Slovic ndi anzake linali lakuti munthu amene amapindula ndi mmene zinthu zilili, amenenso amadziona kuti ndi mmodzi wa oyendetsa zinthuzo, dziko amaliona ngati malo otetezeka. Amene fakitale imamangidwa pafupi ndi nyumba yake popanda kumufunsa amaliona mwina.

Njinga Yakuda
Ineyo ndine mnyamata ndipo ndinena zimene ndimaona. Anzanga ambiri nkhani ya mapulasitiki amaidziwa bwinobwino. Koma kuti anyamule chikwama cha nsalu popita kogula zinthu, ayi. Tsiku lina ndinalowa nacho m'sitolo, cha nsalu yoyera, chopanda ngakhale duwa. Mnzanga anachiyang'ana, n'kundiyang'ana, n'kufunsa kuti ndabwereka kwa mlongo wanga kapena. Iye anatuluka atanyamula majumbo atatu, limodzi lili ndi sopo mmodzi yekha. Si munthu woipa ayi, ndipo akudziwa komwe majumbowo akathere. Amangoopa kusekedwa.

Dontho
Achimwene, zimene mwakumana nazozo zinayezedwa. Mu 2016 Aaron Brough ndi anzake anachita kafukufuku kasanu ndi kawiri ndi anthu oposa 2,000 ku America ndi ku China. Anthu akauzidwa za munthu amene wanyamula chikwama cha nsalu m'sitolo, ankamuona kuti ali ndi makhalidwe achikazi kuposa wonyamula jumbo, kaya munthuyo ndi mwamuna kapena mkazi. Ndipo oweruza chonchowo anali amuna ndi akazi omwe.

Mbali ina ndi imene imandikhudza kwambiri. Anauza amuna kuti ayerekeze kuti alandira khadi yogulira zinthu ngati mphatso. Ena anaonetsedwa khadi wamba, ena khadi yapinki yamaluwamaluwa. Atapatsidwa zinthu zoti asankhe, amene anaonetsedwa yapinki ija ankapewa kwambiri zinthu zosawononga chilengedwe. Kakhadi chabe kanawachititsa kumva kuti umuna wawo wakayikiridwa, ndipo anaubwezeretsa posankha chinthu chowononga. Ku China ofufuzawo anapita pamalo ogulitsira galimoto za BMW n'kusintha mawu otsatsira galimoto yosawononga mpweya kwambiri kuti amveke achimuna, ndipo chidwi cha amuna pa galimotoyo chinakwera.

MakeMapasa
Apa ndiye pandivuta ine. Ndiye kuti tizipaka chilichonse utoto wakuda n'kujambulapo mkango kuti abambo avomere kusamala dziko limene ana awo adzakhalemo? Amene akufunika kusintha si chikwama. Ndi maganizo oti chinthu chikakhala chachikazi ndiye kuti n'chonyozeka. Mnyamata uja sanaope chikwama, anaopa kufanizidwa ndi mlongo wake. Ine monga mayi zimenezo zikundipweteka kuposa majumbo atatuwo.

Njinga Yakuda
Amayi, mwanena zoona. Koma pamene tikudikira kuti maganizowo asinthe, majumbo akuchulukirabe. Ine ndingalole chikwama chakuda ngati chingamuchititse mnzangayo kusiya jumbo.

MakeMapasa
Mwana wanga, chikwama chakudacho apatseni. Koma mukadzakhala ndi mwana wamwamuna, musadzamuseke akadzanyamula choyera.

Mphunzitsi Wopuma
Ndikufuna ndibwerere pa mafunso a ofufuza aja, chifukwa pali chinthu chimene sitinachikhudze. Mafunso ambiri a "zochita zosamala chilengedwe" amafunsa za kusiyanitsa zinyalala, kugula sopo wosawononga madzi, kuchapa ndi madzi ochepa, kusataya chakudya. Zonsezi ndi ntchito za panyumba. M'mabanja ambiri padziko lapansi amene amagwira ntchito zimenezi ndi mkazi. Ndiye mukapeza kuti akazi amachita zambiri, mwapeza kuti amakonda chilengedwe, kapena mwangopezanso kuti ndi amene amachapa ndi kuphika?

Dontho
Bambo, funso limeneli ndi lenileni. Lori Hunter ndi anzake mu 2004 anaunika mayankho a m'mayiko 22 ndipo anagawa zochita pawiri: za panyumba, ndi za pagulu monga kulowa bungwe, kupita kuzionetsero kapena kusaina chikalata chodandaula. Pa za panyumba akazi ankatsogola m'mayiko ambiri. Pa za pagulu kusiyana kunali kochepa kwambiri. Paul Mohai anali ataona kale mu 1992 kuti ku America akazi ankada nkhawa kwambiri koma sankapezeka kwambiri m'mabungwe omenyera chilengedwe. Ofufuza ena anafotokoza kuti vuto ndi nthawi. Munthu amene akaweruka kuntchito amakayamba ntchito ina kunyumba sangapite kumsonkhano wamadzulo.

Ndipo apa m'pamene ine ndimaima pa nkhani yonseyi. Mawu oti akazi ndi osamala chilengedwe amamveka ngati chiyamikiro, koma amatha kusanduka katundu. Boma kapena bungwe likamva zimenezo limati, chabwino, uthenga wosiyanitsa zinyalala tiupititse kwa amayi, ntchito yobzala ndi kuthirira mitengo tiwapatse amayi, ndipo nthawi zambiri popanda malipiro. Pamene mpando wosankha kuti magetsi a dziko azichokera ku malasha kapena ku dzuwa ukukhalabe ndi anthu omwe aja. Mkazi wapatsidwa bini, mwamuna wasunga cholembera chosainira.

Chiwombankhanga
Komatu achemwali, zonse mwatchulazi ndi za ku America, Sweden, Germany. Dziko lonse si limenelo.

Dontho
Eya, ndipo limeneli ndi bala lalikulu la kafukufuku wa mtundu uwu. Mu 2010 Joseph Henrich ndi anzake anakumbutsa akatswiri kuti pafupifupi 96 peresenti ya anthu ofunsidwa m'magazini akuluakulu a sayansi ya maganizo amachokera m'mayiko okhala ndi 12 peresenti yokha ya anthu a padziko. Mutayang'ana kunja kwa mayiko amenewo chithunzi chimasintha. Sarah Bush ndi Amanda Clayton anaunika mayankho a m'mayiko ambirimbiri, olemera ndi osauka, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2023. Anapeza kuti kusiyana kwa amuna ndi akazi pa nkhawa ya kusintha kwa nyengo kumaoneka m'mayiko olemera. M'mayiko osauka amuna ndi akazi amada nkhawa mofanana. Dziko likamalemera nkhawa imatsika kwa onse, koma kwa amuna imatsika kwambiri. Iwo anafotokoza kuti m'mayiko olemera amuna amaona kuti malamulo ochepetsa mpweya woipa awalanda zambiri: ntchito za m'migodi ndi m'mafakitale, galimoto, nyama, ndi ulemu umene amaupeza pa zinthu zimenezo.

Mlimi amene mvula yamuthawa, kaya ndi mwamuna kaya ndi mkazi, safunika kumuphunzitsa kuda nkhawa.

Nyenyezi
Ndiye kuti zoti timabadwa nazo zagweratu apa. Chinthu chobadwa nacho sichingaoneke ku Sweden n'kusowa m'dziko losauka.

Dontho
Ndi mmene inenso ndimaonera. Pali kusiyana kwina kumene kumaoneka m'mayiko osauka, koma n'kwa mwayi womva uthenga. Nicholas Simpson ndi anzake mu 2021 anagwiritsa ntchito mayankho a Afrobarometer, bungwe lofunsa anthu maganizo awo, a m'mayiko 33 a mu Africa kuti aone amene anamvapo za kusintha kwa nyengo ndiponso akudziwa kuti anthu ndi amene akuchititsa. Akazi anali m'munsi mwa amuna, ndipo chinthu champhamvu kwambiri chimene chinkasiyanitsa anthu chinali maphunziro. Ku America akazi ankadziwa kuposa amuna pang'ono, kuno ku Africa ayi. Zikusonyeza kuti nkhani ili pa sukulu, wailesi ndi foni, kuti zili m'manja mwa ndani.

MakeMapasa
Pamenepa ndiikepo zimene ndinaona ndi maso. Ndinagwirapo ganyu yofunsa anthu mafunso khomo ndi khomo. Pepala linkati funsani mutu wa banja. Ukafika, bambo amakhala pampando n'kumayankha zonse, kuphatikizapo zoti madzi amatungidwa kutali bwanji ndiponso nkhuni zimatha masiku angati. Mayi ali chapatali, akumva, osalankhula. Nyumba ina bambo anati madzi ali pafupi, mphindi zochepa chabe. Nditamaliza, mayi anandiperekeza mpaka kumsewu, n'kundiuza motsitsa mawu kuti chitsime chapafupicho chinauma kalekale, amadzuka kusanache kupita china cha kutsidya. Pepala linali litadzadzidwa kale ndi inki. Mayankho a mtundu umenewo ndi amene amakalowa mukompyuta n'kutuluka ngati "maganizo a anthu".

Mphunzitsi Wopuma
Mayi, zimenezi ophunzira onse a kafukufuku azimve. Wofunsidwa ndi ndani, wofunsa ndi ndani, ndipo pafupi pali ndani akumvetsera.

Njinga Yakuda
Ndili ndi funso lina. Ndinaona chithunzi pa Facebook chonena kuti pakagwa ngozi zachilengedwe akazi amafa kuwirikiza ka 14 kuposa amuna. N'zoona?

Dontho
Nambala imeneyo musamaigwiritse ntchito. Seema Arora-Jonsson analemba mu 2011 kuti manambala ngati amenewa akhala akungokoperedwa kuchoka mulipoti lina kupita mulina popanda kafukufuku weniweni kumbuyo kwake. Umboni wodalirika ulipo, ndipo ndi wokwanira popanda kukokomeza. Eric Neumayer ndi Thomas Plümper anaunika ngozi za m'mayiko 141 kuyambira 1981 mpaka 2002. Anapeza kuti ngozi zimafupikitsa moyo wa akazi kuposa wa amuna, ndipo ngozi ikakula kusiyanako kumakulanso. Koma kumene akazi ali ndi ufulu ndi chuma chofanana ndi amuna, kusiyanako kumachepa kwambiri. Madzi osefukira sasankha. Chimene chimasankha ndi zoti ndani anaphunzitsidwa kusambira, ndani anamva chenjezo, ndani anatsalira kuti anyamule ana ndi okalamba, ndani analandira chakudya pambuyo pake.

Ndimalimbikira zimenezi chifukwa nambala yabodza ikagwidwa, anthu amataya ndi zoona zomwe.

Chiwombankhanga
Chabwino. Tinene kuti ndavomera kuti nkhani ndi ya kaleredwe ndi kuopa maso a anthu. Ndiye munthu amasintha bwanji? Chifukwa kulalikira kokha sikukugwira ntchito.

Mphunzitsi Wopuma
Pamenepo pali kafukufuku amene ndinkakonda kuuza ophunzira anga akuluakulu. Noah Goldstein, Robert Cialdini ndi Vladas Griskevicius anagwirizana ndi hotela ina ku America kuti asinthe timakadi timene timapachikidwa kubafa topempha alendo kuti agwiritsenso ntchito matawulo awo m'malo mowapereka kochapa tsiku lililonse. Kakhadi kakale kankati thandizani kuteteza chilengedwe. Katsopano kankati alendo ambiri a muhotela muno amagwiritsanso ntchito matawulo awo. Kakale kanakopa pafupifupi 35 peresenti ya alendo, katsopano 44 peresenti. Ogwira ntchito m'zipinda ndi amene ankawerenga matawulo opachikidwa, choncho sizinali zongonena pakamwa.

Tsono mvetserani gawo lachiwiri, chifukwa likukhudza nkhani yathu. Anayesa makadi osiyanasiyana. Ena ankanena zimene amuna ndi akazi anzako amachita, ena zimene nzika zinzako zimachita, ena zimene anthu amene anagonapo m'chipinda chomwechi anachita. Anthu akafunsidwa ankati kukhala mwamuna kapena mkazi n'kofunika kwambiri kwa iwo kuposa kukhala mlendo wa chipinda chakutichakuti. Koma kakhadi kamene kanapambana kanali ka chipinda chomwechi, pafupifupi 49 peresenti, ndipo ka amuna ndi akazi kanatsalira m'mbuyo. Munthu amatsanzira amene ali pamalo ofanana ndi ake pa nthawiyo.

Dontho
Ndiwonjezepo pang'ono, bambo. Ofufuza ena atayesa zomwezi m'mahotela a ku Germany mu 2014, uthenga wa zimene alendo ena amachita sunapose uthenga wamba wa chilengedwe. Choncho si mankhwala ochiza paliponse. Koma mphamvu ya anansi yaonekanso kwina. Wesley Schultz ndi anzake anapita m'nyumba 290 ku San Marcos, California, n'kumawerenga mamita a magetsi, kenako n'kupachika pachitseko kapepala kouza banja mmene likugwiritsira ntchito magetsi poyerekeza ndi anansi. Ogwiritsa ntchito ambiri anachepetsa. Koma amene ankasamala kale ataona kuti anzawo akuwononga kuposa iwo, anayamba kuwonjezera. Ofufuzawo atajambula ndi dzanja kankhope komwetulira pa mapepala a osamalawo, kuwonjezerako kunatha. Anthu ankangofuna kudziwa kuti wina waona ndipo wayamikira.

Jessica Nolan ndi gulu lomwelo anafunsanso anthu kuti n'chiyani chimawachititsa kusamala magetsi. Anthu anaika chilengedwe pamwamba, zochita za anansi pansi penipeni. Mamita anaonetsa zosiyana: uthenga wa anansi ndi umene unachepetsa magetsi kwambiri. Ndiye a Njinga Yakuda, mnzanu uja sadzasintha chifukwa cha chithunzi cha kamba womangika m'pulasitiki. Adzasintha akadzaona amuna atatu anayi amene amawalemekeza atanyamula zikwama popanda wowaseka.

Njinga Yakuda
Ndiye ndipitirize kunyamula changa, mwina ndidzakhala mmodzi mwa atatuwo.

Nyenyezi
Asisi a Dontho, munanena za cholembera chosainira. Pali umboni woti akazi akakhala pa mipando yosankha zochita zinthu zimasinthadi? Kapena ndi chiyembekezo chabe?

Dontho
Ulipo wa mitundu iwiri. Woyamba ndi woyerekeza mayiko. Kari Norgaard ndi Richard York anapeza mu 2005 kuti mayiko okhala ndi aphungu aakazi ambiri amavomereza mapangano ambiri oteteza chilengedwe. Koma umboni wotere ndi wofunika kuusamala, chifukwa dziko limene limasankha akazi ambiri limakhala losiyana kale ndi ena pa zinthu zambiri.

Wachiwiri ndi wolimba. Nathan Cook, Tara Grillos ndi Krister Andersson mu 2019 anachita zoyesera ndi anthu 440 odalira nkhalango ku Indonesia, Peru ndi Tanzania. Magulu ankapatsidwa ndalama akasunga mitengo, ndipo magulu ena anauzidwa kuti theka la mamembala likhale akazi. Magulu amenewa anasunga mitengo yambiri ndiponso anagawana ndalamazo mofanana kuposa enawo.

Koma amene anakhala nthawi yaitali pa nkhaniyi ndi Bina Agarwal wa ku India. Iye anayendera makomiti oyang'anira nkhalango ku Gujarat, dera la ku India, ndi ku Nepal. Anapeza kuti makomiti okhala ndi akazi ambiri nkhalango zawo zinkabwerera bwino. Ku Nepal, magulu a akazi okhaokha ankapatsidwa nkhalango zing'onozing'ono zowonongeka kale, komabe ankazibwezeretsa kuposa magulu ena. Anaonanso kuti mkazi mmodzi kapena awiri m'komiti salankhula. Akafika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi kapena atatu a komiti, m'pamene amayamba kubwera kumisonkhano ndi kutsegula pakamwa. Agarwal yemweyu ndi amene kuyambira 1992 wakhala akutsutsa maganizo oti mkazi ali pafupi ndi chilengedwe mwachibadwa. Amati mkazi amaidziwa nkhalango chifukwa ndi amene amalowamo tsiku ndi tsiku kukatola nkhuni ndi udzu wa ziweto, ndiye amadziwa mtengo umene umaphukanso ukadulidwa, ndiponso amaona msanga wakuba akalowa.

Chiwombankhanga
Koma ngati ndi iwo otola nkhuni, sangaike malamulo ofewa kuti azitola mosavuta? Munthu sadzitsekera yekha khomo.

Dontho
Agarwal nayenso ankayembekezera zimenezo, koma m'madera ambiri anapeza kuti makomiti okhala ndi akazi ambiri ankaika malamulo okhwima, ngakhale kuti ovutika ndi kusowa kwa nkhuni anali akazi omwewo. Kumene kunasiyana ndi ku Panchmahals, ku Gujarat, kumene m'makomiti munali akazi ambiri opanda minda. Amenewa ankaika malamulo ofewerapo, olola kutola nkhuni zouma masiku ochuluka. Mkazi amene banja lake lili ndi munda ali ndi mitengo yakeyake ndi mapesi oti asonkhere moto nkhalango ikatsekedwa. Wopanda munda alibe kwina kopita. Choncho mukamawerenga lipoti lonena kuti m'komiti muli akazi angapo, funsaninso kuti ndi akazi ati, ali ndi malo kapena ayi, ndipo lamulo lotseka nkhalango likadutsa, amene aziyenda mtunda wautali kukafuna nkhuni ndi amene anakhala nawo pamsonkhanowo kapena ndi ena amene sanaitanidwe.

MakeMapasa
Ndipo msonkhanowo auike nthawi imene mayi angathe kubwera, osati nthawi yophika. A Nyenyezi, ngati mudzachite kafukufuku wanu, mayi muzikamufunsa payekha, ndipo wofunsayo akhale mkazi mnzake.